Makalata a mnyamata amene anathawa chipinda cha opaleshoni

Mu Okutobala 1825, Dokotala Robert Darwin wa ku Shrewsbury, ku England, anatumiza ana ake aamuna awiri ku yunivesite ya Edinburgh kukaphunzira udokotala. Wamkulu anali Erasmus. Wamng'ono, Charles, anali ndi zaka 16 zokha. Anapeza malo ogona kwa Mayi Mackay, pa nambala 11 Lothian Street, ndipo atangokhazikika Charles analembera bambo ake kalata ya mwana womvera: za zipinda, masitepe ataliatali, lendi, ndi zoti apitako kutchalitchi.

Zakukhosi ankauza alongo ake. Mayi awo anamwalira mu 1817, Charles ali ndi zaka 8, choncho alongo ake aakulu, makamaka Caroline, ndiwo anamulera. Kwa Caroline ndi kumene anakhuthula madandaulo mu Januwale 1826. Maphunziro a Dokotala Duncan okhudza mankhwala ankamutopetsa. Alexander Monro, wophunzitsa za ziwalo za thupi, yemwe bambo ndi agogo ake anagwiraponso ntchito yomweyo, sankamukonda ngakhale pang'ono, mpaka anadandaula za uve wake. Amene anamusangalatsa ndi Thomas Hope, mphunzitsi wa chemistry.

Mayankho ochokera kwawo ndi amene amandigwira mtima. Catherine, mlongo wamng'ono pa onse, ankamulembera nkhani za maphwando ndi za anansi. Caroline anamulimbikitsa kuwerenga Baibulo. Susan ankamukonza masipelo olakwika, ndipo mu Malichi 1826 anamufikitsira uthenga wa bambo awo: chizolowezi chosankha maphunziro okhawo omusangalatsa n'kujomba enawo sichabwino, ayenera kupirira ngakhale zotopetsa. Bambo anali moyo, cholembera anali nacho, koma chidzudzulo chinadzera mwa mlongo. Atsikanawa analibe mwayi wopita kuyunivesite, komabe ndiwo ankasunga mtendere pakati pa bambo woopedwa ndi mwana wamantha.

Kalata ina yopita kwa Susan imatchula phunziro limene silinali pa ndandanda ya koleji. John Edmonstone, munthu wakuda amene anali kapolo ku Demerara, m'dziko limene lero ndi Guyana, ankakhala mumsewu womwewo. Ankaphunzitsa luso losenda mbalame n'kuumitsa zikopa zake kuti zisungike ngati zamoyo. Charles anamulipira ndalama ya guinea imodzi kuti aziphunzira ola limodzi patsiku kwa miyezi iwiri. Luso limeneli linadzamuthandiza pa ulendo wa sitima ya Beagle, ndipo atakalamba ankamukumbukirabe Edmonstone monga munthu wanzeru ndi wosangalatsa kucheza naye.

Chimene chinamuthetsa mphamvu chinali kuchipatala. Anaonerera maopaleshoni awiri oopsa, ina ya mwana, ndipo anathawa asanathe. Nthawi imeneyo kunalibe mankhwala ogonetsa, wodwala ankadulidwa ali maso. Chloroform inayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1847, mumzinda womwewo wa Edinburgh, ndi James Young Simpson. Mwana wa zaka zimenezo kuthawa kulira kotero, ine sindingamunene kuti ndi waulesi. Charles mwini analemba kuti zimene anaonazo zinamuvutitsa maganizo kwa zaka zambiri.

Chaka chachiwiri anatsala yekha, Erasmus atachoka. Anayamba kuyenda ndi katswiri wa zamoyo Robert Grant m'mphepete mwa nyanja ku Firth of Forth kutola tizilombo ta m'nyanja, nthawi zina n'kukwera mabwato a asodzi a ku Newhaven. Pa 27 Malichi 1827 anafotokoza zimene anapeza pamaso pa ophunzira anzake a Plinian Society.

Mu Epulo chaka chomwecho anachoka ku Edinburgh wopanda digiri. Bambo ake anali atazindikira, kapena kumva kwa alongo aja, kuti mwanayo mtima wake suli pa udokotala, ndipo anaganiza zoti akhale m'busa. Kumayambiriro kwa 1828 Charles analowa Christ's College ku Cambridge. Chimene anadzadandaula nacho pambuyo pake n'chakuti ku Edinburgh palibe anamukakamiza kuphunzira kutumbula mitembo, luso limene analisowa kwambiri pa kafukufuku wake.