JEKESENI ZA SILIKONI: KUKONGOLA KOGULA KUMENE KWATAYITSA MIYOYO

M'mwezi wa February chaka cha 2011, mtsikana wina wa zaka 20 anakwera ndege ku London kunka ku mzinda wa Philadelphia, m'dziko la America, kuti akakuze mbina yake. Ntchitoyo inachitikira m'chipinda cha hotela, ndipo mayi amene anagwira jekeseni sanali dokotala konse. Patapita maola owerengeka mtsikanayo anayamba kumva kuwawa m'chifuwa ndi kubanika, ndipo tsiku lotsatira anamwalira m'chipatala. Madokotala atapima mtembo anapeza kuti silikoni amene anambaya anali atalowa m'magazi nakatseka mapapo. M'chaka cha 2015 bwalo la milandu linapeza mayi uja wolakwa pa mlandu wakupha munthu, ndipo linamlamula kukhala m'ndende zaka zosachepera 10.

Kwa munthu wa kwa Malomo kapena wa kwa Nthondo, m'boma la Ntchisi, nkhani yotere imamveka ngati ya kutali. Komatu masiku ano lamya ya m'manja yafupikitsa mtunda. Amalonda a mafuta, mapiritsi ndi jekeseni zokuzira mabere ndi mbina amaitanira malonda awo pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo mwana wa sukulu wa ku Ntchisi amaona zithunzi zomwezo zimene mnzake wa ku Johannesburg akuona. Chifukwa chake nkoyenera kuti aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'Boma adziwe bwino chimene chili m'jekesenizo.

Silikoni ndi Chiyani?

Silikoni amapangidwa m'mafakitale kuchokera ku mchenga. Alipo wamadzimadzi ngati mafuta, ndipo alipo wolimbirapo ngati phala. Amisiri amamatira naye magalasi a mazenera ndi kufewetsera makina. Chinthu chachikulu chofunika kuchidziwa nchakuti thupi la munthu silingathe kumsungunula kapena kumtulutsa. Akalowa, walowa.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, akazi ena ku Japan anayamba kubayitsa silikoni wamadzimadzi m'mabere, ndipo mchitidwewu unafalikira kwa akazi ovina m'nyumba za zisangalalo ku Las Vegas. Zilonda ndi zotupa zinachuluka kotero kuti m'chaka cha 1975 chigawo cha Nevada chinaika lamulo loletsa jekeseni zotere.

Kuopsa kwa jekeseni kuli pawiri. Poyamba, nsinga ikalasa mtsempha, silikoni amayenda ndi magazi nakatseka mitsempha ya m'mapapo kapena ya mu ubongo, ndipo munthu angathe kufa kapena kufa ziwalo m'masiku ochepa. Chachiwiri chimadza mochedwa. Silikoni sakhala pamene anamuika, koma amatsetsereka pansi pa khungu kunka ku ntchafu ndi ku miyendo. Thupi polimbana naye limapanga zotupa zolimba ngati miyala, zimene zimawawa, zimatukusira ndi kutuluka mafinya, nthawi zina patapita zaka zambiri. Dokotala sangampope ndi jekeseni monga analowera. Ayenera kudula mnofu umene wasakanikirana naye, ndipo kawirikawiri wina amatsalirabe. M'mwezi wa November 2017 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza anthu onse kuti silinavomereze silikoni wobaya pokuzira mabere kapena matako.

Timatumba Toika pa Opaleshoni

Njira ina ndiyo yoika silikoni m'kathumba kotseka, kamene dokotala amakalowetsa m'bere pa opaleshoni. Anayamba njirayi ndi madokotala awiri a ku Houston, Thomas Cronin ndi Frank Gerow, m'chaka cha 1962. Njira imeneyi ndi yololedwa m'maiko ambiri, ndipo yathandiza amayi amene anachotsedwa bere chifukwa cha khansa. Ngakhale zili tero, nayonso ili ndi mavuto ake. Kathumbako kangathe kuphulika popanda mwini wake kuzindikira, mnofu wozungulira ungathe kuuma ndi kufinya bere, ndiponso timatumbati sitikhala moyo wonse wa munthu, kotero kuti ambiri amabwereranso ku opaleshoni. Boma la America linaimitsa kugwiritsa ntchito timatumba ta silikoni pokongoletsa thupi m'chaka cha 1992, ndipo linatiloleranso m'chaka cha 2006.

Chinyengo chachikulu chinaululika ku France m'chaka cha 2010. Kampani ya Poly Implant Prothèse inapezeka kuti inali kudzaza timatumba take ndi silikoni wa m'mafakitale, wotsika mtengo, m'malo mwa wovomerezeka wa kuchipatala. Akazi pafupifupi 300,000 m'maiko 65 anali atavala kale timatumbato. Mwini kampaniyo, Jean-Claude Mas, analamulidwa m'chaka cha 2013 kukhala m'ndende zaka 4. Kenaka m'chaka cha 2019 kampani ya Allergan inachotsa pa msika timatumba take tokhakhala kunja, titapezeka kuti tikukhudzana ndi mtundu wina wa khansa umene suonekaoneka. Ngati zoterezi zinachitika m'maiko okhala ndi oyendera mankhwala ambirimbiri, nanga botolo lopanda dzina lobwera m'chikwama pa basi ya ku Joni angalitsimikize ndani?

Chimene Lamulo Likunena Kuno Kwathu

Kukongoletsa thupi si chinthu chachilendo kwa Achewa. Agogo anatema mphini, ndipo mikanda ya m'chiuno ilipo kufikira lero. Koma mphini zinali za pakhungu, ndipo mkanda munthu amauvula akafuna. Silikoni savulika. Akuluakulu ananena kale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Boma la Malawi lili ndi mabungwe awiri otchinjiriza anthu pa nkhaniyi. Bungwe la Medical Council of Malawi ndilo limalemba m'kaundula madokotala ndi zipatala zoyima pazokha, ndipo bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 2019, ndilo limavomereza mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno. Munthu wobaya anzake jekeseni m'nyumba kapena m'saluni alibe chilolezo cha mabungwe amenewa, ndipo ayenera kukanenedwa kupolisi.

Munthu amene anabayitsa kale asachite manyazi. Akamva kubanika, kuwawa m'chifuwa kapena kutentha thupi, athamangire ku chipatala cha Boma cha Ntchisi tsiku lomwelo, nakanene poyera chimene anabayidwa, pakuti kubisa kumasocheretsa dokotala. Matenda akakula chipatalacho chimatumiza wodwala ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ndipo ulendo umenewo ndi wautali kwa munthu amene mapapo ake akutsekeka.

Tsono udindo waukulu uli m'manja mwa aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndi anamkungwi, chifukwa iwo ndiwo amayankhula ndi atsikana asanakumane ndi amalonda. Mtsikana amene wamva m'kalasi kuti silikoni satuluka m'thupi adzaganiza kawiri asanapereke ndalama za soya wa makolo ake kwa munthu wosamdziwa.