Masenti 75 Amene Anaulula Kazitape

Aphunzitsi a sayansi amatikalipira tikathamangira kupereka yankho tisanalembe zimene taona ndi maso. Ambirife timayesa kuvuta chabe. Komatu mwambo womwewu unathandizapo kugwira mbala yolowa m'makompyuta a eni.

M'chaka cha 1986 Clifford Stoll, katswiri wa za nyenyezi, ankayang'anira makompyuta pa Lawrence Berkeley Laboratory ku California. Masiku amenewo munthu ankalipira malinga ndi nthawi imene wagwiritsa ntchito makinawo. Tsiku lina mabuku a ndalama anasiyana ndi masenti 75 okha. Ndikanakhala ine ndikanangoti makina alakwitsa, nkhani n'kuthera pompo. Stoll anafufuza mpaka anapeza kuti wina ankalowa mozemba.

Iye sanafulumire kutseka khomo. Analumikiza makina osindikizira ku mawaya a telefoni obwera ku kompyuta, kuti chilichonse chimene mlendoyo walemba chizituluka papepala. Zonse ankazilemba m'buku, tsiku ndi ola lomwe, ndipo ganizo lililonse ankayamba waliyesa asanalikhulupirire. Kodi anali wophunzira wa pomwepo? Mnzake wa Stoll anaona kuti malamulo amene mlendoyo ankapatsa kompyuta anali a Unix ya kampani ya AT&T, osati ya ku Berkeley. Ganizo lija linagwa. Nanga anali kutali bwanji? Stoll anayeza nthawi imene uthenga unkatenga kupita ndi kubwerako, napeza kuti munthuyo anali kutali zedi. Bukulo linaonetsanso kuti ankakonda kulowa masana, pamene ku Ulaya kumakhala kutada.

A telefoni analondola mawaya mpaka ku Hannover, ku West Germany, koma makina akumeneko anali akale, ofuna nthawi yaitali kuti apeze nyumba yeniyeni. Tsono Stoll anatchera msampha. Podziwa kuti mlendoyo ankasaka zinsinsi za asilikali, anapeka makalata onena za zida za nkhondo za America nawasiya poonekera. Mbalayo inameza nyambo, inachedwa ikukopera, ndipo nambala yake inapezeka.

Anali Markus Hess, amene pamodzi ndi anzake ankagulitsa zobazo ku KGB, bungwe la akazitape a Soviet Union. Khoti linam'peza wolakwa mu 1990, Stoll atakaperekera umboni. Pajatu poyamba a FBI anakana kulowererapo, poona kuti ndalama zotayikazo sizinkafika n'komwe dola imodzi.