ZIMBABWE: Kuyenda pang'ono kuthandiza odwala khansa m'maesiteti a tiyi

CHIPINGE - M'makomboni a m'maesiteti a tiyi a ku Chipinge ndi ku Honde Valley, komwe kukukhalabe mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi ndi ku Mozambique, munthu akabwerako kuchipatala atamupeza ndi khansa achibale amamuyalira mphasa ndi kumuletsa kugwira chilichonse. Amatero pomukonda, koma madokotala masiku ano akuti kugona tsiku lonse kumawonjezera kufooka komwe achibalewo akuopa.

Minofu imene sikugwira ntchito imaphwa mwamsanga. Mankhwala a kemotherapi amachepetsa magazi ndi chilakolako cha chakudya, choncho wodwala amatopa. Akatopa amagona, ndipo akagona masabata angapo miyendo imakanika kumufikitsa ngakhale pa mpopi wa madzi. Mu 2019 akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi bungwe la American College of Sports Medicine anatsimikiza kuti kuyenda mwachangu kwa mphindi 30, katatu pa sabata, kumachepetsa kutopa, nkhawa ndi kukhumudwa pakati pa odwala khansa. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO a mu 2020 amati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo amene sangazikwanitse ayambe ndi zochepa.

Umboni wamphamvu unabwera mu 2025, pamene magazini ya New England Journal of Medicine inafalitsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa CHALLENGE. Anthu 889 amene anachitidwa opaleshoni ndi kulandira mankhwala a khansa ya m'matumbo aakulu anagawidwa pawiri: ena anangopatsidwa timabuku ta malangizo, ena anapatsidwa mlangizi wowatsogolera kwa zaka zitatu, ndipo ambiri anasankha kuyenda pansi. Patatha zaka zisanu, anthu 80 mwa 100 alionse a gulu lachiwiri anali moyo opanda khansa, poyerekeza ndi 74 a gulu loyamba.

Kafukufukuyu anachitikira makamaka ku Canada ndi ku Australia, ndipo anakhudza mtundu umodzi wokha wa khansa. Ku Zimbabwe imene yafala kwambiri pakati pa amayi ndi ya khomo la chiberekero, pakati pa abambo ya prostate, ndipo ambiri amafika kuchipatala matenda atakula kale. Kuyenda sikulowa m'malo mwa chithandizo. Pa zipatala za boma, makina owotchera khansa ali ku Parirenyatwa mumzinda wa Harare ndi ku Mpilo ku Bulawayo kokha, ndipo kuchokera ku Chipinge kukafika ku Harare ndi ulendo wa makilomita oposa 400.

Funso la m'esiteti ndi lina: kodi munthu wothyola tiyi, amene amakhala chilili kuyambira m'mamawa dengu lili kumsana, akufunikanso kuuzidwa za masewero olimbitsa thupi? Ntchito yotere ndi yosiyana ndi zimene madokotala akunena. Woyenda mwa kufuna kwake amapuma akamva kutopa. Wolipidwa pa kilogalamu sapuma, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene masamba amaphuka mothamanga ndipo mitsetse ya ku Honde Valley imaterera. Choyenera munthu amene ali pa chithandizo ndi ntchito yopepuka ya maola ochepa, ndipo kalata ya dokotala ndiyo ingamuthandize kukambirana zimenezi ndi kapitawo. Kwa amene wasiyiratu ntchito, kusesa pabwalo, kuthirira ndiwo m'dimba kapena kupita kutchalitchi wapansi ndi poyambira pabwino. Muyeso wake ndi wapafupi: azitha kuyankhula akuyenda, koma asathe kuyimba.

Pali masiku oyenera kukhala pansi. Thupi likatentha pa nthawi ya kemotherapi, wodwala athamangire kuchipatala, ku Hauna kapena ku Chipinge, chifukwa chitetezo cha m'thupi chimakhala chitatsika. Chizungulire, kubanika, kupweteka kwa pachifuwa ndi kutaya magazi ndi zizindikiro zoti aleke. Khansa ikafika m'mafupa, monga zimachitikira kawirikawiri ndi ya prostate ndi ya m'mawere, kusenza nkhuni kapena ndowa ya madzi kungathyole fupa, choncho ayambe wafunsa dokotala. Amene mapazi awo achita dzanzi chifukwa cha mankhwala avale nsapato, ayende pamalo osalala, ndipo akhale ndi wowaperekeza.