TSACHE NDI MBANDE M'MANJA MWA ANA A SUKULU KU CHITIPA

Munthu amene wakwera galimoto pa Karonga nalowera kumadzulo, akayenda makilomita pafupifupi 100 pa msewu wokhotakhota wa m'mapiri, amafika pa boma la Chitipa, limene akuluakulu athu ankalidziwa ndi dzina lakuti Fort Hill. Boma limeneli lili kunsonga kwenikweni kwa dziko lathu, pakati pa Tanzania ndi Zambia, ndipo pa kalembera wa 2018 munapezeka anthu 234,927. Chiikireni phula pa msewu umenewu, ndi thandizo la dziko la China, malonda achuluka ndithu. Komatu pamene pafika malonda pafikanso majumbo, mabotolo ndi zotayidwa zina zimene nthaka siingathe kuziwoletsa, ndipo amene amawerama kutola zimenezi kawirikawiri ndi ana a sukulu.

Awerengi athu achikulire adziwa kuti ntchito yotere siinayambe lero. M'nthawi ya Dr. Banda kunali sabata lija lotchedwa Youth Week, pamene ana ndi aphunzitsi awo ankasiya choko ndi mabuku nakalambula misewu, kukonza milatho ndi kusesa pa zipatala. Mu 1976 Boma linakhazikitsa tsiku lodzala mitengo, limene pambuyo pake linakula kufikira kukhala nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 December mpaka pa 15 April. Ndipo mu November 2020, Dr. Lazarus Chakwera, amene anali Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, anatsegula ku Chinsapo mu Lilongwe ntchito yosesa dziko lonse, napempha kuti Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse anthu azituluka ndi matsache. M'zonsezi sukulu ndiyo yakhala yoyamba kuitanidwa, pakuti nkwapafupi kusonkhanitsa ana ndi belu limodzi kusiyana ndi kusonkhanitsa akulu a pa msika.

Phindu la kusesa palibe angalikane. Kolera imene inabuka mu March 2022 inafalikira m'zigawo zonse zitatu, ndipo inapha anthu opitirira 1,700. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre sukulu zinachedwa kutsegulidwa mu January 2023 chifukwa cha nthenda imeneyi. Mwana amene waphunzira kuti ngalande yotsekeka ndi dzala la pafupi ndi chitsime ndizo njira za nthenda, amapita nayo nzeruyo kunyumba, ndipo amafotokozera amayi ake m'Chilambya, m'Chisukwa, m'Chindali kapena m'Chinyiha. M'boma la zinenero zambiri chotere, imeneyi si ntchito yaing'ono, pakuti mwanayo amafika pamene chikalata cha m'Chingelezi sichifika.

Tsono funso nlakuti, zinyalala zikaunjikidwa zimapita kuti? Ana angathe kusesa msika wonse m'mawa umodzi, koma alibe ngolo yozichotsera, alibenso mphamvu yodzudzula wamalonda amene mawa lake adzatayanso pamalo pomwepo. Mulu ukasiyidwa, mphepo ya m'chilimwe imaumwaza, ndipo ukatenthedwa utsi wa pulasitiki umalowa m'zifuwa za ana omwewo. Lamulo loletsa majumbo opyapyala, osafika mamaikoloni 60, linaikidwa mu 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo linagwirizana nalo mu 2019. Kulonda lamulo limeneli ndi udindo wa khonsolo ndi wa bungwe la Boma loona za chilengedwe, osati wa mwana wa Sitandade 6. Tinenenso pano, ngakhale ena sadzakondwera, kuti mwana anatumizidwa ku sukulu kukaphunzira. Ola limodzi kapena awiri pa mwezi ndi phunziro labwino, koma mwana asasanduke wantchito waulere wa anthu amene amalipira msonkho wa pa msika kuti pakhale wosesa.

MITENGO YA KU MISUKU

Nkhani ya mitengo ndiyo yolemera koposa. Ku mapiri a Misuku kuli nkhalango zotetezedwa za Mugesse, Wilindi ndi Matipa, zobiriwira chaka chonse, ndipo m'menemo ndimo mumachokera akasupe amene amamwetsa midzi ndi minda ya khofi, mbewu imene yatchukitsa dera la Mwenemisuku. Kumwera kuli mapiri a Mafinga, ndipo dera la Nthalire lagundana ndi nkhalango ya Nyika. Chuma chimenechi chili ndi adani odziwika: nkhwangwa ya wotema mphanje kuti adzale mawere pa phulusa, uvuni wa njerwa, ng'anjo ya makala, ndi moto wa m'tchire.

Apa makalabu a zachilengedwe a m'sukulu, amene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likulimbikitsa m'dziko muno kwa zaka zambiri, ali ndi ntchito yooneka ndi maso. Kukonza nazale si masewera. Pafunika kusefa dothi, kulithira m'machubu, kufesa njere, kumanga mthunzi wa udzu ndi kuthirira m'mawa ndi madzulo kwa miyezi ingapo mvula isanagwe. Mwana amene wachita zonsezi sayang'ananso mtengo monga nkhuni chabe. Aphunzitsi anzeru amawauzanso kuti m'mbali mwa mtsinje muyenera mitengo yachilengedwe monga mkuyu, katope ndi mbawa, ndi kuti bulugama, ngakhale amakula msanga napatsa milimo yabwino, amamwa madzi ambiri ndipo sayenera pafupi ndi kasupe.

Koma taonani m'mene chaka chimayendera. Mbande zimawokedwa mu January, mvula ili pakati, pamaso pa alendo olemekezeka. Sukulu zimatsekera chakumapeto kwa July, ndipo ana amabalalika kupita kwawo. Nthawi yomweyo ndiyo udzu wauma, mbuzi ndi ng'ombe zatayiriridwa, osaka mbewa ayamba kuyatsa tchire. Pamene ana abwerera mu September, pa malo ambiri amapeza timitengo tawo tapsa kapena tadyedwa, ndipo totsala chiswe chikutigwetsa. Chaka chotsatira amakumbanso maenje pamalo pomwepo.

Chosowa pamenepa si ndalama zambiri ayi. Sukulu iliyonse ili ndi komiti yake ndi anyakwawa amene anaipatsa malo. Iwo angathe kupangana, sukulu isanatsekere, za amene adzalambule njira yotchinga moto kuzungulira munda wa mitengo, ndi za chindapusa cha mwini mbuzi zimene zidzalowemo. Mafumu aakulu a m'bomali, monga Mwabulambya, Kameme ndi Mwenewenya, mawu awo amamveka, ndipo akalamula zimenezi anthu adzatsata. Alangizi a za nkhalango nawo, amene amalemba chiwerengero cha mbande zowokedwa mu January, abwererenso ku sukulu zomwezo mu October ndi buku lomwelo, akawerenge pamodzi ndi ana mitengo imene yatsala yamoyo.