Benchi ya pamsika ndi shopu ya pabwalo la ndege: lamulo likuti chiyani pamene mwini malo ndi boma

Mayi wogulitsa matemba pa msika wa Chitekesa ndi mwini shopu pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi sangaganize kuti pali chimene chimawafananitsa. Komatu onsewa amachita malonda pa malo amene si awo, ndipo mwini malowo ndi bungwe la boma. Wina amalipira ku khonsolo, winayo ku Airport Developments Limited, kampani ya boma yoyang'anira nyumba za pabwalopo. Mkangano ukabuka pa malo otere umakhala ndi mbali ziwiri: ya pangano limene awiriwo anagwirizana, ndi ya malamulo oyendetsera dziko, amene amamanga manja bungwe lililonse la boma. Munthu wosasiyanitsa mbali ziwirizi akhoza kugogoda pa khomo lolakwika mpaka nthawi kumuthera.

Mlandu wina wa ku South Africa umaonetsa bwino nkhaniyi. Mu 2009, Airports Company South Africa, kampani yoyendetsa mabwalo a ndege m'dzikolo, inapereka tenda ya mashopu ogulitsa katundu wopanda msonkho kwa kampani ya Big Five Duty Free. Kampani ina imene inapikisana nawo, ya Flemingo, inakadandaula ku bwalo lalikulu la milandu, ndipo bwalolo linafafaniza tendayo ponena kuti sinayende motsatira lamulo. Gawo 217 la malamulo oyendetsera dzikolo limafuna kuti mabungwe a boma azipereka makontilakiti mwachilungamo, poyera ndi mwa mpikisano. Patapita nthawi, makampani awiri aja anamvana paokha kuti chigamulocho chitayidwe. Koma mu 2018 bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko linanena kuti chigamulo chokhudza anthu onse sichingafufutidwe ndi kumvana kwa anthu awiri, pokhapokha bwalo litaunika lokha nkhaniyo. Zaka zisanu ndi zinayi zinapita chifukwa cha funso limodzi: kodi malo a boma anaperekedwa bwanji?

Funso lomwelo limamveka m'misika ya kuno, ngakhale ndalama zake n'zochepa. Malo a mumsika wa khonsolo si munda wa makolo. Amalonda awiri akagulitsana benchi mwamseri, kapena wina akabwereketsa shopu kwa mnzake khonsolo isakudziwa, wogulayo amakhala wapereka ndalama kwa munthu amene analibe mphamvu yogulitsa. Tsiku lokonzanso msika likafika, dzina lake silipezeka m'kaundula.

Nayonso khonsolo ili ndi malire ake. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, limati munthu aliyense ali ndi ufulu woti chiganizo cha akuluakulu a boma chokhudza iye chikhale chotsatira lamulo ndi chopangidwa m'njira yachilungamo, komanso kuti apatsidwe zifukwa zake molemba. Gawo 28 limaletsa kulanda munthu katundu wake mwachisawawa, ndipo gawo 29 limapereka ufulu wochita malonda ndi kupeza zosowa pamoyo kulikonse m'Malawi. Choncho wogwira ntchito ku khonsolo sangangofika m'mawa n'kukhoma loko pa shopu ya munthu chifukwa choti wamva mphekesera. Mwini shopuyo ayenera kuuzidwa cholakwa chake, apatsidwe mpata wofotokoza mbali yake, ndipo chiganizo chikapangidwa alandire kalata yonena zifukwa. Kalata yoti “mwachotsedwa” basi, yopanda chifukwa, siikwaniritsa zimene gawo 43 likufuna.

Apa m'pamene pamafunika kusamala, chifukwa si mkangano uliwonse ndi boma umene uli wa malamulo oyendetsera dziko. Munthu amene wakhala miyezi inayi osalipira lendi waphwanya pangano, ndipo khonsolo ikamulondalonda ikuchita zimene mwini nyumba aliyense angachite. Gawo 29 silimupatsa ufulu wochita malonda mwaulere pa malo a anthu onse. Mlandu wotere ndi wa ngongole, ndipo umazengedwa monga milandu ina ya ngongole. Zimasintha pamene bungwe lagwiritsa ntchito mphamvu zimene lamulo linalipatsa, monga kugawa malo atsopano, kusamutsa msika kapena kulanda chiphaso. Ziganizo zotere zingathe kukaunikidwa ku bwalo lalikulu la milandu, koma wodandaula ayenera kufulumira: malamulo a bwalolo amapereka miyezi itatu kuchokera pa tsiku la chiganizocho. Miyezi itatu siichedwa kutha kwa munthu amene akuyamba wapita kwa amfumu, kenako kwa khansala, kenako n'kumadikira yankho.

Palinso nkhani imene anthu a m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa amaidziwa kuposa aliyense. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 madzi anachepanso kwambiri moti mabwato anakhala pa dothi long'aluka. Nsomba zikasowa, ogula ochokera ku Limbe ndi ku Mulanje amasiya kubwera, ndipo wa golosale, wa tiyi ndi wa chipinda chogona alendo onse amakhala manja lende. Amalonda a pabwalo la ndege anaona zofanana ndi zimenezi mu 2020, pamene maulendo a ndege zonyamula anthu anaimitsidwa kwa miyezi ingapo chifukwa cha mliri wa Covid-19. Kodi lendi imaima zikatere? Kawirikawiri siima. Mabwalo a milandu samasula munthu ku pangano chifukwa chongoti malonda avuta, ngati malo amene anachita lendiwo akadalipo. Wolipira tikiti ya tsiku ndi tsiku amapepukidwa, poti tsiku limene sanayale malonda salipira. Wa lendi ya pamwezi amatetezedwa ndi zimene zinalembedwa basi. N'zodabwitsa kuti pa nyanja imene mbiri yake ya kuphwa ikudziwika chotere, munthu angasainire pangano la zaka zingapo losatchulapo chilala kapena kusefukira kwa madzi, chonsecho namondwe wa Freddy anaononga zambiri m'boma lino mu Malichi 2023. Ndime yonena za kuchepetsa kapena kuimitsa lendi pa nthawi zotere iyenera kukambidwa asanasaine, madzi akadali m'nyanja.

Wamalonda amene akuona kuti sanachitiridwe chilungamo ayambe ndi kulembera kalata bwanamkubwa wa boma, yopempha zifukwa molemba, ndipo asunge kope lake lodindidwa pamodzi ndi malisiti onse. Ofesi ya Ombudsman, imene inakhazikitsidwa ndi gawo 120 la malamulo oyendetsera dziko, imalandira madandaulo okhudza mabungwe a boma popanda malipiro. Amene nkhani yake ikufunika bwalo la milandu koma alibe ndalama za loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau, atanyamula mapepala onse aja, makamaka kalata yoonetsa tsiku limene chiganizocho chinapangidwa.