Miombo siidikira mvula

Pofika mwezi wa Ogasiti, nkhalango za miombo monga ya Dzalanyama ndi ya ku Kasungu zimakhala zitayoyola masamba, udzu utauma, kwina kutada bii ndi lupsa. Koma pakangopita masabata ochepa, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo, mitengo ya mombo, tsamba ndi mchenga imayamba kuphuka. Masamba anthetewo amatuluka ofiira, mpaka phiri lonse kuti psuu. Mvula yobzalira imakhala ikadali kutali, poti kuno imayamba mu Novembala kapena Disembala.

Nanga mtengo umapeza kuti mphamvu zophukira m'chilimwe chotere? Usanagwetse masamba akale, umayamba wayamwamo chakudya n'kuchisunga m'thunthu ndi m'mizu, monga mlimi asungira chimanga m'nkhokwe. Mizu yake imazamanso kwambiri, kukafika pomwe dothi likadali ndi chinyezi. Chimene chimaudzutsa, malinga ndi akatswiri, ndi kutalika kwa usana ndi kutentha komwe kumakula kuyambira Seputembala. Mu 2017, Casey Ryan ndi anzake a pa yunivesite ya Edinburgh, ataunika zithunzi za setilaiti, anasonyeza kuti kuphuka mvula isanagwe n'kofala kummwera kwa Africa kuno. Phindu lake n'loonekeratu: mvula yoyamba ikamagwa, mtengo umakhala uli kale ndi masamba okhwima opangira chakudya.

Kufiira kuja kumabwera ndi utoto wotchedwa anthocyanin, womwe umaonekera chifukwa chlorophyll, utoto wobiriwira, umakhala usanachuluke. Asayansi ambiri amati umatchinjiriza tsamba lanthete ku dzuwa loswa mtengo la Okutobala. Tsamba likakhwima limabiriwira.

Zizindikiro zina za nyengoyi anthu akumudzi amazidziwa bwino: nyenje kulira masana onse, mlombwa kuchita maluwa achikasu, masuku kuyamba kupsa.

Chodandaulitsa n'chakuti nyengo yomweyi ndi imene moto wolusa umachuluka, wina woyatsidwa ndi osaka mbewa, wina wothawa m'minda pososa. Udzu utaumitsitsa, malawi amakwera n'kuwaula masamba omwe mtengo wangowonongerapo chakudya chake chosunga, ndipo timitengo tating'ono timapserera. N'chifukwa chake alangizi a zankhalango amalimbikitsa kulambula njira zotchinga moto ndi kutentha tchire msanga, cha mu Meyi kapena Juni, udzu ukadali ndi chinyezi. Mafumu ndi makomiti osamalira nkhalango za m'midzi, letsani kutentha tchire miombo ikayamba kufiira.