Mbatata ya agogo inafika ku Lilongwe yosasenda

Agogo anga akafuna kutiseketsa amayamba ndi ulendo wa ku Lilongwe. Amati pa utsikana wawo munthu ukanena kuti mawa ndilowera ku boma, abale ankakutsanzika ngati ukupita ku Joni. Unkadzuka tambala woyamba, kamba ali mbatata yootcha yomanga pansalu, mapazi ali pansi. Mvula ikagwa usiku, mtsinje wa Namitete nkudzaza, ulendo unkathera patsidya lino, mbatata nkudyera pomwepo.

Masiku amenewo dera lino linkanunkha utsi wa fodya wa chikopa, amene anafala kuno m'zaka za m'ma 1920 A. F. Barron atatsegula esiteti ya Mbabzi. Fodya ankayenda pangolo, ng'ombe zikupuma m'dambo lililonse. Mayi wapakati zikamuvuta kwa azamba, amuna anayi ankamunyamula pamachira, mtima uli m'mwamba.

Ndiye onani mmene zinatembenukira! Mu 1959 masisitere a chipani cha Carmelite ochokera ku Luxembourg anatsegula chipatala cha St Gabriel's kuno kwathu ku Namitete. Agogo amanyadira kuti mwana woyamba anachira ali pamphasa, koma wachitatu anachira pabedi la shiti yoyera, mpaka ankaopa kuligonera kuti angalidetse. Mu 1975 likulu la dziko linasamuka ku Zomba nkubwera ku Lilongwe, ife tangogona nkudzuka tili oyandikana ndi boma lonse. Pofika 1980 njanji inadutsa kulowera ku Mchinji, ana akuthawira m'chimanga atamva kulira kwa sitima. Msewu wa fumbi uja unavala phula, ndiwo M12 yomwe timakwererapo lero.

Tsopano taimani pa Namitete tsiku la msika. Akabaza akulimbirana makasitomala, tchipisi chikuthetheka pachiwaya, mnyamata wa m'kabenchi akutumiza ndalama pa Mpamba ndi Airtel Money, madenga a malata asenza masola. Ophunzira a ku Namitete Technical College akudutsa utuchi uli m'tsitsi.

Chondisangalatsa koposa nchakuti zakale sizinathawe phula. Ngolo ikadali m'mbali mwa msewu, ndipo gule wamkulu akatuluka kudambwe, ngakhale dalaivala wothamanga amaponda buleki, amayi nkugwada. Bungwe la UNESCO linazindikira guleyu mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Ku Blantyre wa ku Scotland, nyumba yomwe David Livingstone anabadwiramo mu 1813 anaisandutsa malo osungiramo mbiri, alendo nkumapita kukaona. Ife mbiri yathu imavina pabwalo, fumbi lili koboo.

Chaka chatha ndinawatenga agogo kukaona mdzukulutuvi wawo ku Area 25. Ndinawauza kuti safunika kamba, koma anakana. Anaotcha mbatata ziwiri, namanga pakona ya chitenje monga kale. Tinakwera minibasi, iwo akuwerenga midzi pawindo, Msundwe uyo, Mpingu uyo, Chitedze uyo, akuseka okha. Kondakitala atafuula kuti tafika mudepoti, anandigwira dzanja.

"Iwe, ndi Lilongwe ameneyu? Nanga mbatata yangayi ndidyera kuti?"

Minibasi yonse inafa nalo phwete. Agogo anamasula mfundo ija, nagawira kondakitala mbatata imodzi ikadali yofunda.